Kodi Ndege ya Boma Mwini Wake Ndani?

Ife amene tidakulira m'munsi mwa phiri la Chiradzulu tikumbukira bwino kuti tili ana, tikamva kulira kwa ndege mumlengalenga, tinkasiya chilichonse chimene chidali m'manja mwathu ndi kuthamangira pabwalo tili kukuwa kuti, "Ndege! Ndege!" Akulu ankatiuza kuti ili kupita ku Chileka. Ambiri mwa ana amene tinkakuwa limodziwo afika pa ukalamba osaikwera, ena adatsogola kale osaiona ndi pafupi pomwe.

Tsiku lina la Mulungu, titatuluka m'mapemphero, tidakhala pansi pa mtengo wa mango tili kuyembekeza msonkhano, ndipo nkhani idagwera pa makampani a Boma amene adatha ndi ngongole. Wina adatchula Air Malawi. Pamenepo mkulu wina, munthu wolemekezeka ndi wosakonda mabodza, adati: "Zimenezo ndi za okwera ndege. Ine sindidaikwerepo, ndipo sindidatayepo kanthu. Ndiponso palibe amene adasenza ndege kupita nayo kwawo. Nanga tchimo lili pati?" Ambiri adavomereza. Ine ndidakhala chete, pakuti yankho silidandifikire msanga. Koma mawu ake akhala ali kunditsata, ndipo ndaganiza kuti ndiwayankhe pano, chifukwa ndikhulupirira kuti si mkuluyo yekha amene aganiza chotero.

Tiyambe takumbutsana mbiri yake. Air Malawi idabadwa m'chaka cha 1964, chaka cha ufulu wathu, ngati nthambi ya Central African Airways, kampani imene inkatumikira maiko atatu a chitaganya. M'chaka cha 1967 kampani yaikuluyo idatha, ndipo Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa Air Malawi kuti iime payokha, m'manja mwa Boma la Malawi. Palibe munthu wanzeru amene angadzudzule chiyambi chimenechi. Dziko lathu lilibe doko pa nyanja yamchere, ndipo njira zake zonse zotulukira kunja zidutsa m'maiko a eni. Chotero kudali koyenera kuti likhale ndi njira yakeyake ya m'mwamba, yonyamula odwala, amalonda, makalata ndi alendo.

M'chaka cha 1974 kampaniyo idagula ndege yaikulu ya mtundu wa VC10 kwa British Caledonian, ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho idayamba maulendo a ku London. Kudali kunyadira kwakukulu. Koma ndegeyo idali imodzi yokha pa njira yaitali chotere, idali itagwira kale ntchito zaka zambiri kwa eni ake oyamba, idali yakumwa mafuta kwambiri, ndipo idagulidwa patangopita chaka chimodzi mtengo wa mafuta utakwera koopsa pa dziko lonse lapansi. Pofika 1979 maulendo a ku London adaleka. Atalephera kuigulitsa adaibweretsa ku Chileka, kumene idakhala zaka zambiri pambali pa bwalo, mvula ndi dzuwa zili kuidya, mpaka adaiphwasula m'zaka za m'ma 1990. Pa ichi sindiimba munthu mlandu. Wamalonda aliyense atha kulakwitsa masamu, ndipo kulakwitsa masamu si tchimo.

Koma chimene chidachitika m'chaka cha 1985 ndi china. M'mwezi wa Epulo chaka chimenecho Dr. Kamuzu Banda adapita ku Mangalande monga mlendo wa Mfumukazi Elizabeth. Air Malawi idalibe ndege yoti ingafike kumeneko, pakuti VC10 ija idali itafa kale. Tsono adachita hayala ndege yaikulu zedi, Boeing 747SP, kwa South African Airways, naipaka utoto wa Air Malawi, nailemba dzina la dziko lathu, kuti Pulezidenti akatsike ku London m'ndege yooneka ngati yathu. Idakhala ndi dzina limenelo masabata owerengeka okha, ndipo ulendo utatha idabwerera kwa eni ake. Tikumbukirenso kuti zidachitika pa nyengo yotani. Kuyambira 1981 dziko lathu lidali kukongola ndalama ku World Bank pa malamulo ouma oti lichepetse kumwaza. Ndipo pofika 1984 njanji zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zidali zitaduka chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, kotero kuti feteleza, mafuta ndi mchere zinkazungulira njira zazitali zodula. Mlimi wa ku Namitambo adamva kuwawa kwa zimenezi m'thumba mwake, ngakhale sadaone chithunzi cha ndege yopakidwa utotoyo.

Kuti timvetse chimene chipha kampani ya ndege, tiyenera kudziwa m'mene ikhalira ndi moyo. Ndege ifanana ndi ng'ombe ya mkaka, imene alimi ambiri a kuno kwathu aweta m'khola: idya tsiku ndi tsiku, kaya ili kukamidwa kaya iyayi. Ikakhala pansi, ngongole yoigulira ili kuyenda, inshuwalansi ili kuyenda, malipiro a oiyendetsa ndi amakaniko ali kuyenda, ndipo tsiku lokaikonza lili kuyandikira. Zambiri mwa izi zilipidwa m'madola, pamene matikiti ambiri agulidwa m'makwacha. Phindu lake, likakhalapo, ndi lochepa kwambiri, ndipo lituluka pamenepo pokha pamene ndege inyamuka nthawi yake, mipando ili yodzaza ndi anthu olipira. Chifukwa chake kampani yaing'ono ya m'dziko losauka itha kufa ngakhale onse oiyendetsa ali anthu olungama. Ichi ndivomera poyera, kuti wina asanene kuti ndasenzetsa andale katundu amene si wao yense.

Komatu ng'ombe yofooka kale ndiyo isayenera kusewera nayo. M'makampani a Boma a maiko ambiri njira zoifooketsera ndi zodziwika. Mabwana a bodi asankhidwa ndi olamulira dziko, ndipo kawirikawiri chimene chiwafikitsa pampando ndi kukhulupirika ku chipani, osati kudziwa ntchito. Ndege ichotsedwa pa ulendo wake kuti ikanyamule akuluakulu, ndipo wamalonda amene wasiyidwa pabwalo ndi tikiti m'manja apita ku kampani ina, osabwereranso. Maofesi a Boma akwera pa ngongole nachedwa kulipira, ndipo palibe kalaliki amene angalimbe mtima kukalondola ngongole kwa nduna. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Za masiku otsiriza a Air Malawi tinene mwachangu. M'chaka cha 1991 idalandira Boeing 737 yatsopano imene adaitcha Kwacha, ndi ndege yocheperapo yotchedwa Shire. Pambuyo pake padabweranso ina imene adaitcha Sapitwa, dzina la nsonga ya phiri la Mulanje limene tiliona kuchokera kuno kunja kukayera. Maina okoma, koma ngongole zidanka zikula. M'chaka cha 2000 Boma lidatsimikiza zogulitsa gawo la kampani. Lidakambirana ndi South African Airways, zidalephereka. Lidakambirananso ndi Comair ya ku South Africa komweko cha m'ma 2007 ndi 2008, zidalepherekanso. M'mwezi wa Meyi 2012 kwacha idagwa tsiku limodzi kuchoka pa 168 kufika pa 250 pa dola imodzi. Mu Novembala chaka chomwecho Boma la Mayi Joyce Banda lidalengeza kuti kampani ithetsedwe, ndipo mu Febuluwale 2013 ndege zake zidaleka kuuluka. Antchito ake ambiri adabwerera kwawo opanda ntchito. M'malo mwake mudabadwa kampani ina, imene idayamba kuuluka mu Januwale 2014, Boma la Malawi litatenga magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines magawo 49.

Tsopano ndibwerere kwa mkulu uja. Adati sadatayepo kanthu. Koma ndalama zimene Boma lidathira m'kampaniyo kwa zaka zoposa 45, zogulira ndege, zoiwombolera ikatitimira, zidachokera kuti? Boma lilibe munda wakewake. Mkuluyo adakhoma msonkho wa mutu chaka ndi chaka pa unyamata wake, nasunga chitupa chake m'thumba kuopa amesenjala. Akhomabe lero msonkho wobisika m'mtengo wa katundu wa m'sitolo ndi wa mafuta a minibasi imene akwera popita ku Limbe kukagulitsa nandolo. Ndipo akhoma mwa njira yachitatu, imene ili yowawa koposa chifukwa siilembedwa pa lisiti: mankhwala amene sawapeza pa chipatala, mlatho umene sumangidwanso madzi ataukokolola, mdzukulu amene aphunzirira pansi pa mtengo. Kwacha imodzi singapite malo awiri. Mawu akuti "za Boma zilibe mwini" ndi bodza limene latisaukitsa kopambana chilala, pakuti mwini wake alipo, ndiye yemweyo amene anena mawuwo.

Funso lake lachiwiri ndilo lolemera. Kodi pangakhale tchimo pamene palibe amene wasenza kanthu kupita nako kwawo? Inu aphunzitsi a katekisimu mudziwa kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri silinena za wothyola nyumba usiku yekha ayi. Linenanso za wokongola osabweza, za wonyenga pa sikelo, ndi za iye amene adasungitsidwa chinthu nachigwiritsa ntchito imene mwini wake sakadavomera akadafunsidwa. Tiyerekeze kuti mudzi wapatsa munthu mbuzi zake kuti aziweta, ndipo iye, alendo ake atafika, apha imodzi nawaphikira kuti amuyese munthu wolemera. Sadagulitse mbuzi, sadabise ndalama m'denga, mwina iye mwini sadalawe ndi nthuli yomwe. Komabe mbuzi yatha, ndipo chimene wagula nayo ndi ulemu wake. Watenga. Kusiyana kwake ndi mbala ya usiku ndi kwakuti mbala idziwa kuti yalakwa ndipo ithawa, pamene iye aima pabwalo nayembekeza kuti timuwombere m'manja.

Wina adzati: "Koma ulemu wa Pulezidenti ndi ulemu wa dziko lonse. Mlendo akabwera sitipha nkhuku kodi, ngakhale m'nyumba muli umphawi?" Mawu awa sindiwanyoza. Ife amene makolo athu adagwira thangata m'minda ya azungu m'boma lino tidziwa chifukwa chake mtima unkakondwa poona munthu wakuda ali kulandiridwa ndi Mfumukazi. Dziko liyenera kuonekera bwino pakati pa maiko anzake, ndipo mtsogoleri sangapite kwa eni ngati wopemphetsa. Koma nkhuku imene tiphera mlendo ndi yathu, ndipo a m'nyumba onse adziwa kuti yaphedwa, navomera. Apa padalibe wofunsidwa. Ndiponso tidafuna kunyenga yani? Angerezi adali kudziwa bwino lomwe kuti ndegeyo ndi ya ku South Africa, dziko limene pa nthawiyo linkazunza anthu akuda. Adali kudziwanso ngongole zathu, pakuti ena mwa otikongoza adali iwo omwe. Utoto sudabise kanthu kwa iwo. Udabisa kwa ife.

Ndipo tisaganize kuti nthenda imeneyi idapita ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. M'chaka cha 2009 Boma la Bingu wa Mutharika lidagula ndege ya Pulezidenti yekha, ya mtundu wa Falcon, pa mtengo wa madola pafupifupi 22 miliyoni. Iyi sidali ya Air Malawi, koma thumba lidali lomwelo, ndipo pa nthawi imeneyo kampani ya dziko idali kuvutika kupeza ndalama zokonzera ndege zake. Boma la Britain lidadula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni chifukwa cha kugulako. M'chaka cha 2013 Boma lotsatira lidaigulitsa pa madola 15 miliyoni, ndipo anthu adauzidwa kuti ndalamazo zigulira chimanga. Pambuyo pake kudamveka kuti sizidafike m'thumba la Boma, koma zidathera pa ngongole ya zida za asilikali. Maboma atatu osiyana, zipani zitatu zosiyana, koma mwini chuma sadafunsidwe pogula, ndipo sadauzidwe zoona pogulitsa.

Pali munthu wina amene sitinamtchule, ndipo ine ndiye andidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa afanana nafe. Wamkulu alamula ndi pakamwa, koma salemba cheke ndi dzanja lake. Pakati pa lamulo ndi kutuluka kwa ndalama pali bwana wa kampani, pali wowerengera chuma, pali mlembi wosaina pepala. Anthu ophunzira, ena a iwo Akristu okhala pa mipando yakutsogolo m'tchalitchi. Iwo adziwa masamu kupambana wolamulayo. Adziwa kuti chimene auzidwa chipha kampani. Kodi akati, "Ndidangomvera," mlandu wawachoka?

Apa tiyenera kuyeza mosamala, pakuti mantha sali ofanana. M'mwezi wa Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza. Munthu amene adauzidwa m'chaka cha 1985 kuti akonze za ndege ya Ngwazi adali ndi maliro amenewo m'maganizo, ndipo kukana kudali kuika moyo wake ndi wa ana ake pa moto. Mantha otere achepetsa mlandu kwambiri, ndipo ine amene sindidaime pamalo pake sindingamponye mwala. Koma kuyambira 1994 munthu wokana kusaina chosayenera aopa chiyani? Aopa kuchotsedwa pampando, kulandidwa galimoto ya kampani, kusaitanidwa ku maphwando. Izi zipweteka ndithu, makamaka kwa munthu amene abale ambiri adya m'dzanja lake. Koma si ndende, si manda. Ndipo pamene chiopsezo chachepa, mlandu wa womvera ukula. Ambiri a ife tidasunga mantha a nthawi ya Kamuzu monga munthu asunga jekete lakale, chifukwa atithandiza kubisalamo pamene chikumbumtima chitifunsa.

Kuti kukana ndi kotheka, maiko ena aonetsa mbali zonse ziwiri. Ku South Africa, kampani yomwe ija idatibwereka ndege m'chaka cha 1985, ndipo idafuna kugula yathu, idagwa m'dzenje lomwelo. Mayi Dudu Myeni, amene adali wapampando wa bodi yake kuyambira 2012 mpaka 2017, adalinso mtsogoleri wa bungwe lotchedwa ndi dzina la Pulezidenti Jacob Zuma. Mu Disembala 2019 kampaniyo idaperekedwa m'manja mwa akatswiri oipulumutsa, ndipo mu Meyi 2020 bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria lidagamula kuti mayiyo asadzakhalenso m'bodi ya kampani iliyonse moyo wake wonse. Mlanduwo sudayambidwe ndi Boma ayi. Adauyamba ndi oyendetsa ndege a kampaniyo pamodzi ndi bungwe lina la anthu wamba okhoma msonkho. Kumbali ina kuli Ethiopian Airlines, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1945 ndipo ndi ya Boma yonse. Idaona ufumu wa Haile Selassie, idaona ulamuliro wa asilikali, idaona nkhondo ndi njala, koma idakula mpaka kukhala yaikulu kupambana zonse mu Africa. Ndipo chimene ambiri atchula pofotokoza ichi ndi chakuti odziwa ntchito adasiyidwa kuti aiyendetse monga malonda. Chotero sindigwirizana ndi amene anena kuti chilichonse cha Boma chiyenera kufa. Dziko losauka ngati lathu lomwe lidasunga yake. Ife tidachita kukaipempha kuti idzatiyendetsere yathu.

Ndanena za akuluakulu nthawi yaitali, ndipo nkosavuta, chifukwa ali kutali. Koma wamkulu sabadwira ku Lilongwe. Achokera m'midzi mwathu momwemo, ndipo aphunzira kwa ife chimene chiyembekezeka kwa munthu wokhala pampando. Mwana wa m'mudzi akapatsidwa udindo, ndife oyamba kupita ndi mphwathu kuti amlembe ntchito, ngakhale malo palibe. Akabwera pa maliro ndi galimoto ya kampani tinena kuti ndi munthu wabwino, wosaiwala kwawo. Akabwera pa minibasi tinong'onezana kuti ndi wopusa kapena wouma mtima. Tili kumlanga chifukwa cha kukhulupirika kwake, ndipo pambuyo pake tidabwa kuti makampani atha.

Ndidaziona ndi maso anga pa chinthu chaching'ono. Akristu a dera lina adasonkha ndalama, mayi aliyense mbale ya chimanga kapena ya nandolo, nagula njinga yoti izinyamula odwala ndi kutumikira pa mauthenga a maliro. Adaisungitsa kwa wapampando. Posakhalitsa njingayo idayamba kuoneka pa msika wa ku Thumbwe itasenza matumba a mbatata, ndi ku maukwati a abale ake a wapampandoyo. Onse adaona, palibe adanena. Adali munthu wamkulu, wopereka bwino pa zopereka, ndiponso mlamu wa amfumu. Usiku wina mayi wina woyembekezera adadwala mwadzidzidzi, ndipo atathamangira njinga adapeza tayala litaphulika, itatsamira kukhoma sabata yachiwiri. Adamnyamula pa machira. Mulungu adathandiza, mayi ndi mwana adapulumuka.

Pa msonkhano wotsatira msungichuma, mayi wamasiye amene adalekera sukulu Sitandade 5, adaimirira ndi kabuku kake. Sadakweze mawu, sadatchule zakuba. Adangowerenga maina a onse amene adasonkha, mmodzi mmodzi, ndi chimene aliyense adapereka, ndipo atatha adati: "Eni njinga ndi amenewa. Ali kufunsa kuti tayala agula ndani." Padakhala bata lalikulu. Wapampando adati njinga ndi ya mpingo ndipo mpingo ndiwo ukonze. Mayiyo adayankha kuti sangatulutse ndalama m'thumba la mpingo pa tayala limene lidathera ku msika, ndipo ngati afuna asankhe msungichuma wina. Palibe adafuna udindowo. Patapita miyezi itatu wapampando adagula tayala ndi chubu, ndipo njinga idasamukira kwa mphunzitsi, pamodzi ndi buku lolembamo aliyense woitenga ndi kumene apita nayo. Mayi uja sadampatsenso moni mpaka Pasaka.